Mabotolo a "nzeru" m'misika ya m'malire

ULÓNGUÈ — Pa tsiku la msika m'midzi ya m'malire, pakati pa ogulitsa mbatata ndi kaunjika, pamapezekanso anyamata a mabotolo ndi timapaketi ta ufa wa zitsamba. Amalengeza kuti mankhwalawo amatsuka ubongo ndi kubweza nzeru za mwana amene anadwalapo chifukwa chosowa zakudya. Pa botolo pamalembedwa mawu akuti antioxidante. Mayi amene mwana wake anatupikana pa njala ya 2016, ndipo lero akubwereza kalasi, sachedwa kumasula ndalama pa nsalu.

Nkhawa ya mayiyo ndi yomveka. Kafukufuku wa boma wa 2022 ndi 2023 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Mozambique muno ndi opinimbira. Ubongo umakula kwambiri m'masiku 1000 oyamba, kuyambira pathupi mpaka zaka ziwiri, ndipo njala ya nthawi imeneyo imasiya chipsera.

Koma botolo silichotsa chipseracho. Ginkgo, chitsamba chotchuka kwambiri pa malonda amenewa, chinayesedwa ku America pa okalamba oposa 3000. Zotsatira za mu 2008 zinasonyeza kuti sichinawateteze ku matenda a kuiwala.

Zimene zinathandiza ana n'zina. Ku Guatemala, kuyambira 1969 mpaka 1977, ana a m'midzi ina ankalandira phala la mkaka. Atakula, amene analidya ali aang'ono ankawerenga bwino kuposa anzawo. Ku Jamaica, mu 1986 ndi 1987, azaumoyo anayamba kuyendera makomo a ana opinimbira sabata iliyonse, kuphunzitsa amayi kusewera ndi kucheza nawo. Patapita zaka 20, anawo ankapeza ndalama zambiri kuposa opinimbira anzawo amene sanayenderedwe. Kungocheza ndi mwana basi!

Chamwamba si choipa ayi. Ndi ndiwo zabwino, makamaka zotendera nsinjiro, koma palibe chifukwa chogulira m'botolo masamba amene akumera kuseri kwa nyumba. Malambe ali ndi vitamini C amene amathandiza thupi kutenga ayironi wa mu nyemba ndi masamba, pamene tiyi womwera pa chakudya amamutsekereza. Mchere ukhale wa ayodini.

Mwana woiwalaiwala, wofooka, wa zikhatho zotuwa, kawirikawiri amakhala ndi magazi ochepa chifukwa cha malungo kapena njoka za m'mimba. Zimenezi amayeza ndi kuchiza kuchipatala. Ndalama ya botolo ija ikagule mazira ndi usipa.