UTSI WA INJINI YA DIZILO NDI ZIMENE UTIUZA

Lero tikambirana za utsi wotuluka mu injini ya dizilo, kaya ndi ya chigayo ku Chinsapo kapena ku Mgona, kaya ndi ya pampu yothirira dimba m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe ndi wa Lingadzi. Injini ya mtundu womwewu ndiyo iyendetsa mabwato akuluakulu a asodzi ku nyanja, ndipo matenda ake ndi amodzimodzi.

Injini ikadwala, utsi ndiwo uyamba kuulula. Injini yabwino ikatentha, utsi wake suoneka kwenikweni. Mukaona utsi wambiri, yang'anani mtundu wake: wakuda, wabuluu, kapena woyera.

Utsi wakuda utanthauza kuti dizilo wachuluka koma mpweya wachepa, motero mafuta sakupsa onse. Ndalama zanu zikuuluka. Pa chigayo, kawirikawiri mlandu uli pa sefa ya mpweya imene yatsekeka ndi fumbi la ufa. Itsukeni kapena ikani ina. Chachiwiri ndi katundu wolemera. Mukathira chimanga chambiri nthawi imodzi, kapena mphale yosauma bwino, injini ibuula nitulutsa utsi wakuda. Chepetsani chimangacho, muone ngati utsi ukuchepa. Ngati sizisintha, ndiye kuti nozulo yopopera mafuta yatha, ndipo imeneyo ndi nchito ya makaniko. Kumbukiraninso kuti Lilongwe ali pamtunda wa mamita opitirira 1,000, pamene nyanja siifika ndi 500 omwe. Kumtunda mpweya ngwopepuka, choncho injini yogula ku Salima ikafika kuno siikoka ngati kale. Musaikakamize.

Utsi wabuluu, wonunkha ngati oyilo wopserera, utanthauza kuti injini ikuotcha oyilo. Yambani mwayang'ana kandodo koyezera oyilo. Ena athira oyilo kupitirira chizindikiro poganiza kuti akuichitira chifundo injini, koma akuipweteka. Onaninso ngati pampu yanu yakhala pamalo osapendekeka, pakuti m'dimba nthaka imatitimira. Oyilo akakhala pa muyeso wake koma nkumatha msanga, maring'i a pisitoni aperepeseka. Musadikire kuti ifike poima yokha.

Utsi woyera uli pawiri. M'mawa wa mwezi wa Juni ndi Julayi, kukazizira, injini itulutsa utsi woyera pang'ono poilizitsa, ndipo ikatentha utha wokha. Umenewo usakudetseni nkhawa. Koma ngati upitirira, ununkha dizilo ndi kuwawa m'maso, mafuta sakupsa bwino. Mwina mwalowa madzi, makamaka ngati mudagula dizilo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Thirani pang'ono m'botolo loyera, mulisiye kanthawi. Madzi akhala pansi, dizilo pamwamba. Ngati utsiwo uzimirira msanga ngati nthunzi ya mphika, madzi ozizitsira injini nkumatha, oyilo nkusanduka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti gasiketi yapsa. Zimitsani injini pomwepo.

Tsono lamulo lake nali: yambani ndi zimene mungathe kuona nokha osalipira kanthu, ndizo sefa, katundu, muyeso wa oyilo ndi mafuta. Zikakanika zimenezi, itanani makaniko, mumuuze mtundu wa utsi ndi nthawi imene utuluka. Pampu ya mafuta musaitsegule nokha, pakuti safunsa anadya phula.

Mawu otsiriza apite kwa inu mafumu ndi nyakwawa. Utsi wa injini uli ndi mpweya woipa wosaoneka umene ungaphe munthu m'nyumba yotseka. Poyendera midzi yanu, onetsetsani kuti paipi ya utsi pa chigayo chilichonse yatulukira kunja, kutali ndi pamene amayi ayembekezera ndi ana kumbuyo. Ndipo limbikitsani eni zigayo kukonza injini zao kukolola kusanayambe, chifukwa chigayo chikafa mwezi wa Meyi, amayi a mudzi wonse ndiwo asenza matumba kunka kutali.