Alikwirire Kapena Alisiye? Dzenje la Miyala Lagawa Mudzi ku Mambwe

Zaka zaposachedwapa nyumba za njerwa ndi simenti zachuluka m'mbali mwa msewu wochokera ku Chipata kupita ku Mfuwe. Nyumba iliyonse imafuna miyala, mchenga ndi gelevulo, ndipo zonsezi zimakumbidwa pafupi pomwepo. N'chifukwa chake m'boma la Mambwe maenje okumbidwa ndi piki, fosholo ndi wilibala akuchulukirachulukira. Mu Okutobala, kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa kukapitirira madigiri 40, maenjewa amangokhala phee. Mvula ikayamba mu Novembala, madzi amagumula zipupa zake, n'kutsegula zigwembe, n'kukokolera dothi m'timitsinje tothira mu Lupande.

Dzenje lina la miyala, pakamtunda kena m'dera la Jumbe, n'losiyana ndi anzake. Amene amatsogolera okumba pamenepo ndi bambo wina wachikulire yemwe kale ankalima thonje. Asanagwire piki, iye amayamba wapala dothi lakuda la pamwamba ndi khasu, kuya kwake ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri, n'kuliunjika pambali. Dothi lofiira la pansi limapita pamulu wina, ndipo salola kuti awiriwa asakanikirane. Mulu wa dothi lakuda ndi wautali m'litali koma supitirira m'chiuno. Akuti ukakwera kwambiri, dothi la m'kati limathinana, mpweya sulowa, ndipo njere za udzu ndi tizilombo tobweretsa chonde m'nthaka zimafa. Pamwamba pake anafolerapo udzu wouma ndi nthambi za mupani kuti mphepo ndi madontho a mvula zisalitenge.

Kumtunda kwa dzenjelo anakumba ngalande yopingasa phiri, yopatutsa madzi asanagwere m'kati. Kumunsi kwa ngalandeyo kuli mzere wa vetiva, udzu wa mizu yolowa pansi kwambiri, womwe alimi amabzala pa akalozera. Pomwe madzi amatulukira anayala timakoma ta miyala yotsala, kotero kuti madzi amafooka liwiro n'kusiya matope kumbuyo kwa khoma lililonse. Wilibala ili ndi njira imodzi yokha, chifukwa iye anaona kuti mkwaso wa tayala ndiwo umasanduka chigwembe. Palibe chimene anagula. Zonsezi ndi nzeru za kumunda, ndipo akuti dothi lotere, lomwe limatenga zaka mazana kuti lipangike, si lotaya chifukwa cha thipa imodzi ya miyala.

Koma chimene chikutentha m'mudzi wa pafupi ndi dzenjelo si mulu wa dothi. Nkhani ndi yakuti miyala yabwino ikutha, ndiye dzenjelo lichitidwe chiyani.

Bamboyo akufuna kulikwirira. Miyala yosagulika ipite pansi, dothi lofiira pamwamba pake, lakuda pomalizira, kenaka abzale udzu ndi mitengo mvula isanakhwime. Malamulo a dziko la Zambia, kuphatikizapo lamulo la zachilengedwe la mu 2011, ali kumbali yake, popeza amafuna kuti woononga malo awakonzenso.

Ena m'mudzimo akukana. Dzenjelo limasunga madzi miyezi ingapo mvula itatha, ndipo m'chigwa muno madzi a m'chilimwe ndi chuma. Oumba njerwa amatunga pamenepo, mbuzi zimamwa pamenepo, ndipo amayi ena akuganiza zotsegula dimba la tomato ndi repu m'mphepete mwake. Kwa iwo, kulikwirira n'kutaya damu lomwe alipeza ulere. Akuti dothi lakudalo lingoyalidwa pa dimbapo basi.

Amene ali ndi ana aang'ono akuyankha kuti madzi a m'dzenje lokumbidwa si a padambo. Zipupa zake n'zoongoka, pansi pake sipaoneka, ndipo mwana akaterereka alibe pogwira. Amatchulanso udzudzu. Palinso mantha amene munthu wa ku Mambwe yekha angawamvetse msanga: madzi oima pafupi ndi mudzi amaitana njovu m'chilimwe, ndipo njovu ikamwa simabwerera isanayendere dimba kapena nkhokwe.

Nyakwawa yamvapo mbali zonse ziwiri. Maganizo omwe ayamba kumveka ndi akuti mbali yakuya ikwiriridwe, ina isiyidwe yosaya, magombe ake asalazidwe kuti akhale otsetsereka, ndipo ayalidwe dothi lakuda n'kubzalapo vetiva. Bamboyo sakukana, koma akufunsa kuti adzagwire ntchitoyo ndani. Ogula amalipira miyala yokwera pathipa. Wokwirira dzenje palibe amene amamulipira, ndipo anyamata miyala ikatha amasamukira pena.

M'dzinja lapitalo, pamulu wa dothi lakuda paja panamera bonongwe ndi chisoso, ndipo amayi ankabwera kudzathyola ndiwo. Anyamata a padzenje loyandikana nalo ataona zimenezi, nawonso ayamba kuunjika dothi lawo pambali. Koma mulu wawo uli pamtetete, wosafolera, ndipo uli panjira yeniyeni ya madzi.