Kodi mumadziwa? Ojambula makatuni amaphunziranso zisudzo

Munthu wa m'katuni ndi mizere chabe, komabe woonera amayenera kuzindikira kuti wakwiya, akunama kapena wagwidwa manyazi. N'chifukwa chake ojambula makatuni amaphunzira luso la zisudzo. Ambiri amaika kalilole patebulo, n'kumadziyang'ana akukwinya chipumi kapena kutong'ola maso, kenako n'kujambula zimene aonazo.

Mu 1932, kampani ya Walt Disney ku America inaitana mphunzitsi Don Graham kuti azisula ojambula ake pa kayendedwe ka thupi. Pokonza filimu ya Snow White, yomwe inatuluka mu 1937, anatola pakamera mtsikana wovina, Marge Belcher, akuyenda ndi kuzungulira, ojambulawo n'kumaonera pamenepo. Kawirikawiri mawu ndi amene amayamba kujambulidwa, kuti milomo ya katuni itsatire mawuwo.

Nzeru yoonetsa khalidwe kudzera m'thupi si yachilendo kwa anthu odziwa Gule Wamkulu. Nkhope ya chilombo siisintha, choncho khalidwe lake lonse limaonekera m'thupi. Chadzunda, chimodzi mwa zilombozi, amalowa m'bwalo akutsimphina ngati nkhalamba yotheratu, koma ng'oma zikakolera amavina mwamphamvu zodabwitsa.