KILACHI IKAYAMBA KUTEREREKA: TIKONZE NATI KAPENA TIGULE YATSOPANO?

Cimanga cauma m'minda, ndipo posacedwa malori ndi magalimoto ang'ono a m'midzi adzayamba maulendo opita ku misika ndi ku madepoti a Food Reserve Agency. Miyezi imeneyi ndiyo imene galimoto ya mlimi imabweza ndalama zimene anaigulira, koma ndiyonso miyezi imene makilachi ambiri amafa. Aliyense amene anayendapo pa mseu wa Great East adziwa zitunda za pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, ndipo sikacitika kamodzi kupeza lori yodzaza matumba itaima pa citunda, mwala uli kumbuyo kwa tayala, mwini wake atagwira m'ciuno. Kawirikawiri lori yotere inayamba kale kucenjeza, koma mwini wake sanamve cimene inali kunena.

Poyamba tidziwe cimene kilachi iri. Pakati pa injini ndi giyabokosi pali puleti yozungulira, yaikulu ngati mbale yodyera nsima, ndipo mbali zake zonse ziwiri anamatako cikopa colimba comangidwa ndi timisomali. Puleti imeneyi imapanidwa pakati pa zitsulo ziwiri: kutsogolo kuli gudumu lolemera la injini limene amakanika amati fulaiwilo, kumbuyo kuli puleti yopanikiza imene iri ndi sipulingi yamphamvu. Mukapana mbale pakati pa zikhato zanu ndi kupotoza manja, mbale imatsata manja. Mukalekerera pang'ono, manja apotoka okha mbale nitsala. Kilachi imagwira nchito comweco. Phazi likaponda copondera, beringi imakankha zala za sipulingi, puleti nimasuka, ndipo mukhoza kusintha giya. Phazi likacoka, sipulingi imapananso.

Tsono kuterereka ndiko kuti phazi lacoka koma puleti siinapanidwe kokwanira. Injini ilira kwambiri, koma liwiro la galimoto silionjezeka. Zimenezi zimayamba kuoneka pa giya yapamwamba, pa citunda, ndiponso pamene katundu ali wolemera. Pa giya yoyamba, galimoto iri yopanda kanthu, simudzaona colakwa ciriconse, ndipo n'cifukwa cake ambiri amanyengeka. Cizindikiro cina ndi fungo loipa la cinthu copserera locokera pansi pa galimoto. Cinanso n'cakuti galimoto iyamba kuyenda pamene phazi lafika pamwamba penipeni, m'malo mwa pakati monga kale.

KUYESA PA BWALO

Mukhoza kuyesa nokha osalipira munthu. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, injini itatentha kale, mukoke buleki ya dzanja ndi kuika miyala ku matayala. Ana ndi ziweto acoke kutsogolo. Pondani kilachi, lowetsani giya yacitatu kapena yacinai, patsani moto pang'ono, ndipo cotsani phazi pang'onopang'ono. Kilachi yamoyo idzazimitsa injini nthawi yomweyo. Ngati injini ipitiriza kulira phazi litacoka, kilachi ikuterereka. Musacedwe nako kuyesaku, ndipo musabwereze kawirikawiri, pakuti mphindi iriyonse ya kuterereka ikudya cikopa cimene catsalako.

Mukatsimikiza, musathamangire kusitolo. Gwadani pa citseko ca dalaivala, mukankhe copondera ndi dzanja, osati ndi phazi. Ciyenera kutsika mofewa kamtunda kakang'ono cisanayambe kulimba. Kamtunda aka ndiko mpata umene uli pakati pa beringi ndi zala za sipulingi, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa. Pa magalimoto ndi mathirakitala amene kilachi yake imakokedwa ndi waya kapena ndodo yacitsulo, mpatawu umakhala ngati inchi imodzi, ndiye masentimita 2 kapena 3. Pa magalimoto ang'ono a masiku ano umacepa kuposa apo. Buku la galimoto yanu lichula muyeso wake weniweni, ndipo muyeso umenewo ndiwo woyenera kutsata, osati wa galimoto ya mnansi wanu.

Cimene ambiri sacidziwa ndi ici: cikopa cikamatha, zala za sipulingi zimasendera kumbuyo kufupi ndi beringi, kotero mpata uja umanka nucepa wokha popanda munthu kukhudza kanthu. Ukatheratu, beringi imakhala yokankha sipulingi nthawi zonse, monga ngati munthu wasiya phazi pa copondera ulendo wonse. Kilachi yotere ikhoza kuterereka ngakhale cikopa cikadalipo cambiri. Mankhwala ake ndi masipanala awiri basi. Tsatirani waya kapena ndodo kufikira pamene yalowa m'mbali mwa giyabokosi, ndipo mudzapeza manati awiri ogundana. Masulani nati yochinga, tembenuzani inzake pang'ono, mubwerere kukayesa copondera ndi rula, ndipo muyeso ukakwana mangani nati yochinga zolimba. Koma musapyoze muyeso poganiza kuti mpata wambiri ndiwo ubwino. Mpata ukacuruka puleti siimasuka bwino, ndipo magiya adzayamba kukukuta polowa, makamaka yoyamba ndi yobwerera m'mbuyo.

Magalimoto ambiri amene ali m'midzi tsopano, monga Hilux ndi Canter, kilachi yake imakankhidwa ndi mafuta a buleki ocokera m'kabotolo kakang'ono, ndipo yambiri ya mtundu uwu imadzikonza yokha cikopa cikamatha. Apa pali cinyengo cimene tacimva nthawi zambiri. Munthu akuuzani kuti, “Bambo, kilachi yanu ikuterereka cifukwa mafuta acepa, tiyeni tithiremo ndi kucotsa mpweya.” Mafuta akacepa kapena mpweya ukalowa, copondera cimafewa ndipo magiya amakana kulowa, imeneyo ndi nthenda yina, siyo kuterereka ai. Cokhaco coyenera kuona pa mtundu uwu ndi kandodo ka pamwamba pa copondera: ngati wina anakatalikitsa kopitirira, mafuta salekerera kubwerera m'kabotolo, ndipo kilachi imakhala yopondedwa pang'ono. Ngati kandodo kali bwino koma kuterereka kulipo, palibenso nati imene idzakuthandizani.

POFIKA PAMENE SIPANALA YALEPHERA

Mutakonza mpata, yesaninso pa bwalo, ndipo kenaka pa citunda galimoto itasenza. Ngati injini izima pa bwalo ndipo pa citunda galimoto ikoka bwino, mwapulumuka. Pitirizani nchito, koma muziyesa mpata mwezi ndi mwezi, cifukwa kilachi imene inapsapo kamodzi siikhalanso monga yatsopano. Koma ngati mpata wakwana ndipo kuterereka sikunathe, kapena ngati nati yafika kumapeto kwa mazinga ake, cikopa catha kapena sipulingi yafooka ndi kutentha, ndipo giyabokosi iyenera kutsika.

Yang'ananinso pansi, pamene injini yakumana ndi giyabokosi. Ngati pakudontha oilo, ndiye kuti silo ya kumbuyo kwa injini kapena ya kutsogolo kwa giyabokosi yatha, ndipo oilo wanyowetsa puleti. Ena amatsuka puleti yotere ndi petulo naibwezera. Iyenda masiku owerengeka, kenaka oilo amene analowa m'kati mwa cikopa aturukanso ndi kutentha. Ndipo kuika puleti yatsopano osasintha silo ndiko kutaya ndalama kawiri.

Pali alimi amene amati, “Tiyeni tipirire nayo mpaka titagulitsa.” Tikumvetsa, pakuti ndalama imabwera cimanga citapita. Koma taganizani cimene cicitika m'katimo. Cikopa cikatha, timisomali tija timaturukira ndi kuyamba kukanda fulaiwilo, ndipo kutentha kumasiya mabala akuda ndi ming'alu pa citsulo. Pamenepo puleti yatsopano siigwira bwino mpaka fulaiwilo itapita ku makina osalaza zitsulo ku Chipata kapena ku Lusaka, mwina kugula yina. Onjezanipo mtengo wokokera lori imene yafera pa mseu, ndi wolipira galimoto ya munthu wina kuti itenge matumba anu. Ife tikuona kuti kuli bwino kugulitsa mbuzi ziwiri mwezi wa May kusiyana ndi kugona m'chire mwezi wa August.

Giyabokosi ikatsika, sinthani zonse zitatu pamodzi: puleti ya cikopa, puleti yopanikiza, ndi beringi. Nchito yaikulu ndi kutsitsa ndi kukweza giyabokosi, ndipo beringi yakale ikadzayamba kulira patapita miyezi iwiri mudzalipiranso nchito yomweyo. Pa thirakitala nkhani ikula koposa, cifukwa amaigawa pakati, injini kwina, matayala aakulu kwina. Mathirakitala ambiri a Massey Ferguson ali ndi kilachi ya zigawo ziwiri: kuponda theka kumaimitsa matayala, kuponda mpaka pansi kumaimitsanso citsulo cozungulira ca kumbuyo cimene cimayendetsa cigayo kapena makina opunthira. Kukonza kilachi yotere musapatse munthu wongoyesa.

Pemphani makanika akuonetseni zitsulo zakale zimene wacotsa, ndipo muone ndi maso anu ngati timisomali tinafika pamwamba. Aike galimoto pa zocirikiza zolimba, pakuti jeke yokha kapena njerwa zapha anthu. Fumbi la m'kati mwa kilachi asaliuzire ndi pakamwa kapena ndi pampu, koma alipukute ndi nsanza yonyowa, cifukwa mapuleti ena, makamaka akale, ali ndi asbestos amene amaononga mapapu.

Kilachi yatsopano ifuna kuyendetsedwa mofatsa masiku oyamba kuti cikopa cikhazikike. Ndipo muuze mnyamata amene amayendetsa galimoto yanu kuti akasintha giya, phazi libwerere pansi, lisagone pa copondera; pa citunda aimike ndi buleki, osati ndi kilachi; ndipo ponyamuka ndi katundu ayambe ndi giya yoyamba. Akatitimira m'mcenga kapena m'matope a padambo, atsike, akumbe, aike nthambi pansi pa matayala ndi kutsitsako katundu, m'malo molimbana ndi moto mpaka utsi utaturuka. Za katundu muwerenge nokha: thumba limodzi ndi makilogramu 50, kotero lori imene inapangidwa kusenza matani 2 yakwana ndi matumba 40, ndipo anthu okwera pamwamba pa matumbawo nawonso ali ndi kulemera kwao.