Kusema, Kupala ndi Liwu Loti Bokosi: Mawu a Ntchito ya Matabwa

Mphunzitsi wina, amene akulemba kabuku kophunzitsa ana kupanga timabokosi, timipando ndi timatebulo pa nthawi yawo yopuma, anatitumizira zolemba zake kuti tiziunike. Pa tsamba loyamba penipeni panali chiganizo chakuti, "Lero tiphunzira kusema tebulo." Chiganizochi sichikuphwanya lamulo lililonse la kalembedwe, koma mmisiri wa ku Mchesi kapena wa ku Ndirande atachimva angaseke, pakuti tebulo sasema.

Mneni woti kusema amanena za ntchito yotenga chipika chimodzi ndi kumachichotsa zibanthu ndi nkhwangwa, sompho kapena kasemasema kufikira chinthu chimene munthu akuchifuna chitaoneka. Umu ndi mmene timapezera mtondo, munsi, bwato, ng'oma, mpini, mthiko ndi chipande, ngakhalenso ziboliboli za phingo. Pa zonsezi palibe cholumikiza. Tebulo ndi kabati zimadzera njira ina: mtengo umachekedwa kukhala matabwa, matabwawo amapalidwa ndi puleni kuti asalale, kenaka amadulidwa pa muyeso, kulumikizidwa ndi guluu ndi kukhomedwa misomali. N'chifukwa chake mwini ntchitoyi amatchedwa wopala matabwa, ndipo tebulo amati kukhoma kapena kupanga. Mpando wokha ndiwo umalola aneni onsewa. Wa m'kalasi amakhoma, pamene wachifumu uja wa zigawo ziwiri zopisana, wokhala ndi zithunzi za nyama potsamira, amasema.

Liwu loti kalipentala lidakhazikika kale m'kamwa mwa anthu ndipo palibe chifukwa cholithamangitsira. Chofunika kusamala ndi liwu loti mmisiri, chifukwa womanga nyumba ndi wosula makasu nawonso ndi amisiri. Wolemba anene kuti mmisiri wa matabwa.

Vuto lalikulu m'kabukuka linali pa liwu loti bokosi. Liwuli tidabwereka ku Chingerezi ndipo talisenzetsa katundu wambiri: losungiramo zovala ndi bokosi, la makalata ku positi ofesi ndi bokosi, loponyamo voti ndi bokosi. Koma munthu akangoti, "Apita kukagula bokosi," osawonjezera kanthu, womvayo amafunsa kuti, "Watisiya ndani?" Liwuli likaima lokha, makamaka pafupi ndi mawu oti matabwa ndi kukhoma, maganizo amathamangira ku maliro. Tsono mutu wakuti "Tiyeni tikhome bokosi," umene mlembi wathu anaika pamwamba pa phunziro lachitatu, ukanadzidzimutsa makolo ambiri mwana atafika nawo kunyumba.

Ena aganizapo zodzutsa liwu loti likasa, limene Buku Lopatulika la 1922 lidagwiritsa ntchito ponena za chosungiramo magome a chipangano. Ifenso liwuli timalikonda, koma tiyenera kuvomereza kuti lidatsalira m'tchalitchi. Omasulira Buku Loyera la 1998 adalisiya ndi kulemba bokosi, ndipo palibe mayi amene amatuma mwana kuti akatenge nsalu m'likasa. Njira yapafupi ndiyo imene eni chiyankhulo amatsata kale, yotchula ntchito ya chinthucho: bokosi la zovala, bokosi la zida, bokosi losungiramo mabuku. Chikakhala chaching'ono, mphatikiram'mbuyo ka- amathetsa nkhani yonse, pakuti kabokosi ka ndolo sikakumbutsa munthu za manda.

Pa kalembedwe, cholakwika chimene chimabwera kawirikawiri ndi "mathabwa" ndi "tabwa". Cholondola ndi thabwa pa umodzi, matabwa pochulukitsa. Mayina ambiri a gulu la Li-Ma amataya mpweya wa lembo loyamba akalandira ma-, monga thumba ndi matumba, khasu ndi makasu, phiri ndi mapiri. Chosangalatsa n'chakuti thabwa si liwu lobadwira kuno. Lidachokera ku tábua wa Chipwitikizi, monga zenera lidachokera ku janela, koma lidakhalitsa kotero kuti likumvera lamulo ngati mbadwa. Mphamvu ya lamulo lomweli ndiyo imachititsa ena kunena kuti thebulo m'malo mwa tebulo. Onse awiri amamveka, ndipo kuchulukitsa kwake n'kumodzi, matebulo. Mkonzi asankhe limodzi ndi kulisunga buku lonse.

Nkhodolero nayo imaikidwa pamene sikufunika. Timalemba m'bokosi ndi m'kabati chifukwa m' akuimira mu wosonyeza malo. Mu mmisiri, mpando, mpini ndi msomali, m ndi gawo la dzina, choncho nkhodolero isalowepo. Ndipo mawu obwereka atsate maphatikizo a Chichewa: bokosi osati boksi, shelefu osati shelf.

Mlembi uja anatchulanso mitengo, ndipo apa anachita bwino posunga mayina athu: mlombwa ndi mbawa wa mipando yolimba, paini wa ku Chikangawa amene ndi wofewa pocheka. Pamene tinamuimitsa ndi pa mkungudza. Mtengowu, umene ambiri ku Mulanje amangoti sida, umamera mwachilengedwe pa phiri la Mulanje ndipo udasankhidwa kukhala mtengo wa dziko la Malawi mu 1984. Timabokosi take tidatchuka chifukwa cha fungo lokoma ndiponso chifukwa chiswe sichiudya msanga, ndipo kukoma kwa thabwa lakeko ndiko kudathandiza kuti udulidwe mpaka kutsala pang'ono kutha. Tinamulangiza kuti dzinalo alisunge pa ndime yofotokoza mitengo ya m'dziko muno, koma pa mndandanda wa zipangizo zoti ana akabwere nazo alembepo paini.