Kufunsa Azaumoyo pa Foni Nthawi ya Mliri

Matenda a COVID-19 atapezeka koyamba m'Malawi mu Epulo 2020, uphungu unali wakuti anthu asamaunjikane. Kuno ku Dzaleka zimenezi zinali zovuta. Kampu yomwe inatsegulidwa mu 1994 kuti isunge anthu pafupifupi 10,000 pano ili ndi anthu oposa 50,000, ndipo kuchipatala munthu wotsokomola amakhala pabenchi limodzi ndi mayi woyembekezera. Pamenepo m'pomwe matenda amafalira.

Foni ingachepetse mzere umenewu. M'dziko muno muli Chipatala Cha Pa Foni, chomwe bungwe la VillageReach linayambitsa mu 2011 m'boma la Balaka mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo. Poyamba chinkathandiza amayi oyembekezera ndi ana, kenaka chinafalikira dziko lonse. Mukaimba simulipira, ndipo amayankha ndi anthu ophunzira zaumoyo.

Ntchito yawo yaikulu ndi kukuthandizani kudziwa ngati mungadzisamalire kunyumba kapena muyenera kupita kuchipatala. Sangakupimeni magazi, sangakuyezeni malungo, sangamvetsere chifuwa cha mwana. Amadalira zomwe inu mwanena, choncho konzekerani musanaimbe: zaka za wodwala, tsiku lomwe anayamba kudwala, mankhwala omwe wamwa kale, komanso ngati ali ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi kapena amamwa ma ARV. Buku la kuchipatala likhale m'manja. Musabise mankhwala ogula pagolosale kapena azitsamba. Amafunsa kuti asakulangizeni zolakwika, osati kuti akudzudzuleni.

Ambiri timabwereka foni. Ngati nkhani ndi yachinsinsi, pitani poduka mphepo ndipo muwauze kuti nambalayo si yanu.

Koma pali zizindikiro zomwe sizifuna foni. Munthu akamabanika, akakomoka, mwana akamanjenjemera ngati wakhunyu kapena kukana kuyamwa, mayi woyembekezera akamataya magazi, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Chimodzimodzi kutsekula m'mimba kwa madzi ngati otsukira mpunga. Kolera, yomwe inabuka m'Malawi mu Marichi 2022, imatha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa chifukwa chotha madzi m'thupi. M'patseni Thanzi ORS muli panjira. Ngati mulibe, sungunulani masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini.

Omwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, musasiye chifukwa choopa kutenga matenda pamzere. Funsani kuchipatala ngati mungalandire a miyezi ingapo nthawi imodzi. Katemera wa ana ndi sikelo ya amayi sizichitika pa foni, choncho tsiku lanu likafika, pitani mutavala masiki ndipo musambe m'manja ndi sopo polowa ndi potuluka.