Kandege kakabwerera m'mwamba, musanyoze woyendetsa

Mu Julayi, kandege kathu katatsala pang'ono kutera ku Likoma, mwera unawomba cham'mbali. Phiko linapendekeka, mtima wanga unangoti myuu! Woyendetsa anawonjezera moto n'kukweranso m'mwamba. Bambo wina anadandaula kuti tikuchedwa.

Komatu abale, ngozi zambiri za tindege zimachitika potera. Nthawi imeneyi liwiro limakhala lochepa, ndiye mphepo yobwera mwadzidzidzi imakankhira kandege kunja kwa msewu wake, mwinanso phiko n'kugunda pansi. Cessna 172, kandege ka anthu anayi, anakayesa kutera pamphepo yam'mbali ya makilomita pafupifupi 28 pa ola basi. Mphepo ikakula, wanzeru sakakamira.

Ulendo wachiwiri tinatera bwinobwino. Bambo aja ndi amene anayamba kuwomba m'manja.